Madzi a Nambala Eyiti

Falida, mwana wa achimwene anga, anayamba kumasula zinthu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku lina bambo ake ali kunyanja, anatenga mpeni wotumbulira milamba n'kumasula wailesi yonse, tizidutswa n'kutiyanika pamphasa ngati matemba. Ndinamupeza ndine, ndipo ndinakuwa mpaka agalu a kwa aneba anandiyankha. Mwana osathawa, osalira. Anangoti, “Azakhali, ndimafuna ndione amene amayankhula m'katimu.” Wailesiyo sinayankhulenso, koma khalidwe la mwanayo ndi lomwelo mpaka lero. Chinthu chikamuvuta sachisiya asanachione m'mimba.

Atamaliza Folomu 4 anapita ku koleji ku Blantyre, kumene anaphunzira kulemba mapulogalamu a timakompyuta ting'onoting'ono, tija amaika m'mapampu ndi m'mamita a magetsi. Anagwira ntchito zaka zitatu pakampani ina yoika mapampu a sola. Kenako mayi ake anayamba kuvutika maso, ndiye mwana anangolongedza zikwama n'kubwerera kuno ku Kachulu. Anthu anamuseka kuti mapepala onse aja wabwera nawo kudzanunkha nsomba. Iye anangoika tebulo pakhonde la golosale ina n'kumakonza mafoni.

Ine ndine Abiti Alli. Ndimagula nsomba zouma padoko n'kukagulitsa ku Songani, nthawi zina ku Zomba. Pakamwa panga m'pamene pamandidyetsa, komanso m'pamene panandichititsa manyazi amene ndikufuna ndikuuzeniwa.

Kumtunda kwa doko tili ndi dimba la mabanja asanu ndi atatu. Bungwe lina linatipatsa pampu ya sola, paipi yaikulu ndi mipopi, munda uliwonse mpopi wake. Pampuyo singathirire minda yonse nthawi imodzi, ndiye madzi timalandira mosinthana, ola limodzi aliyense, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko. Batire losungira mphamvu ya pampu kulibe. Dzuwa likapendeka, pampu nayo imagona. Munda wanga ndi wotsiriza, nambala eyiti, ndipo madzi anga amayenera kutseguka 3 koloko.

Wotsegula mipopi anali Che Ayuba, bambo wachikulire wosachuluka mawu. Wotchi analibe, ankangoyang'ana mthunzi wa mzati wa masola. Asanatsegule mpopi ankayamba afulasha kaye pafoni tcheyamani wathu, Che Latifu, chifukwa lamulo la dimba lathu ndi lakuti madzi asayende tcheyamani asanadziwe. Lamuloli linabwera kalekale, anthu awiri atatemana ndi makasu polimbirana ngalande. Che Ayuba anagwira ntchitoyi zaka khumi ndi chimodzi, koma mukudziwa anthufe. Tinayamba kung'ung'udza kuti ola la ena limatalika, la ena limafupika, kuti mthunzi si wotchi. Wong'ung'udza wamkulu ndinali ine, ndisaname.

Ndiye Falida anatipangira bokosi. Kukula kwake ngati chitini cha mafuta ophikira, analimangirira pamzati womwe uja, mawaya n'kupita kumipopi yonse. Anatifotokozera pamsonkhano kuti m'katimo muli kakompyuta kamene kamagwira ntchito imodzi pa nthawi imodzi, kungoti kamasinthasintha mofulumira kwambiri. Ntchito zake zinali ziwiri zikuluzikulu: kusintha mipopi pa ola lililonse, ndi kutumiza meseji. Iye ankafuna kuti meseji izipita madzulo kamodzi kokha, yonena kuti tsiku layenda bwanji. Che Latifu anapukusa mutu.

“Lamulo ndi lamulo, mwanawe. Kaya wotsegula ndi munthu kaya ndi chitini, ndiyambe ndadziwa ine.”

Tonse tinavomereza, mwina ine mokweza kuposa onse. Falida ndi mwana woleredwa, sakanatsutsana ndi akuluakulu pagulu. Anakalemba momwe tinafunira. Che Ayuba tinawathokoza ndi m'manja katatu, basi ntchito yawo n'kuthera pomwepo. Anatsala ndi munda wawo, nambala thuu, umene unkawadyetsa iwo ndi zidzukulu ziwiri.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, abale inu, tinali mabwana. Munthu unkakonza timigula m'mawa, n'kukwera minibasi, pobwera n'kupeza munda wanyowa wokha. Ine ndinkayenda ndikudzitama pamsika wonse kuti mwana wa kwathu wapanga chinthu chimene ngakhale ku Zomba kulibe.

Mu Seputembala, chimanga changa chitayamba kumasula, ndinabwera madzulo n'kupeza migula ili gwa. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake masamba anapiringizika ngati fodya. Mayo ine! Chimanga chimasowa madzi nthawi ina iliyonse n'kupirira, koma osati pomasula. Ndinathamangira kwa Falida. Analumikiza laputopu yake kubokosi n'kundionetsa zolembedwa: mpopi eyiti, watsegulidwa, mphindi sikisite. Dzulo momwemo, dzana momwemo.

“Bokosi likutsegula, azakhali. Mwina paipi yatsekeka.”

Tinakumba paipi, inali bwinobwino. Anapukuta masola, anayeza pampu, anayeza mawaya, palibe chovuta. Bokosilo analimasula n'kupita nalo patebulo lake, n'kuikamo nambala ya foni yake kuti aziona mameseji. Linagwira ntchito tsiku lonse osaphonya ngakhale pang'ono. Atalibwezera pamzati, munda wanga unaumanso, ndipo wa aneba anga a nambala seveni madzi ankangofika odontha.

Ndiye ndinaona chinthu chimene ndinkayesa nzeru. Lachisanu madzi anabwera. Lachisanu lotsatira anabweranso, migula thoo. Masiku ena onse ayi. Ndinadzifunsa kuti kodi ndani amene Lachisanu sakhala kudimba? Ndani amene amakhala woyamba kulowa mumzikiti ndi wotsiriza kutuluka? Lolemba lake ndinasiya nsomba zanga kwa mnzanga ku Songani n'kubwerera msanga. Ndinafika 3 koloko yeniyeni. Mpopi wanga unali wotseka, ndipo patsinde pa mzati panali Che Ayuba atanjuta, manja ali pansi, akuchita zinazake.

Zimene ndinayankhula tsiku limenelo sindingazibwereze zonse. Ndinawatcha wanjiru, ndinawatcha mfiti ya madzi, ndinati akuwononga bokosi kuti tiwabwezere ntchito. Anthu anasonkhana kuchokera mpaka kudoko. Iwo anangodzuka, n'kudzisasa m'maondo, n'kunyamuka osanena kanthu. Ine ndinati mwaona, fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Komiti inakhala Lachiwiri. A Medson, mlembi wathu, anafunsa Falida pamaso pa onse ngati bokosi lili ndi vuto. Iye anayankha kuti waliyeza paliponse ndipo vuto sanalipeze. Mawu amenewo ndi amene anamanga Che Ayuba. Komiti inagamula kuti Loweruka kudzakhala msonkhano wa onse, ndipo ngati palibe china chooneka, munda wa nambala thuu ulandidwa n'kupatsidwa banja lina.

Ine ndinapita kunyumba mtima uli m'malo. Falida ayi. Lachitatu m'mawa ndinamuona akulowera njira ya kwa Che Ayuba, ndipo ndinamutsatira ndikutukwana chamumtima.

“Ukukatani kwa mfitiyo?”

“Ndikukafunsa, azakhali. Aliyense wanena zake, koma iwowa palibe anawafunsa kuti pamzati paja amatani.”

Tinawapeza akusoka ukonde wa mnzawo. Falida anagwada, anapereka moni, kenako anafunsa. Che Ayuba anamuyang'ana. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Ndiye anaika ukonde pansi n'kuti, “Tiye ukaone.”

Patsinde pa mzati, pamene ine ndinawaona atanjuta, panali timitengo tozikika m'dothi, mizere iwiri yopindika. Mzere woyamba unali wa timitengo takale, todyedwa ndi chiswe. Anati ndi mmene ankadziwira nthawi zaka zonse zija: mthunzi ukafika pa kamtengo aka, mpopi woyamba, ukafika pa aka, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chitatu. Mzere wachiwiri unali wa timitengo tatsopano.

“Bokosi lako likamatsegula mpopi limalira kuti tha,” anatero. “Likalira, ine ndimazika kamtengo pamene pali mthunzi. Taona. Mpopi woyamba likuchedwa pang'ono. Wachiwiri likuchedwa kuposa apo. Pofika wachisanu, lasiyana ndi ine kutalitali. Wa mayiwa likutsegula mthunzi utatha, dzuwa likulowa. Likutsegula ndithu, koma pampu imakhala itagona kale.”

Iii! Falida anakhala pansi padothi pomwepo ndi siketi yake yoyera, dzanja lili pakamwa. Anawafunsa kuti bwanji sananene. Anayankha kuti, “Ndikanati mthunzi ukutsutsa kompyuta, ndani akanandimvera? Ndimafuna ndimalize sabata zitatu kuti ndibwere ndi chinthu chooneka.”

Pobwerera Falida ankangoyankhula yekha. Anati bokosi analilemba kuti lizisunga kutalika kwa nthawi imene mpopi watseguka, koma osati ola limene watsegukira. Ndiye silinaname, koma silinanenenso zoona zonse. Chimene sankamvetsa n'chakuti likuchedwa chifukwa chiyani, pamene patebulo lake silinachedwe, ndipo Lachisanu silichedwa. Ine ndinayesa kudzilimbitsa kuti mwina bamboyo ndi amene amalichedwetsa ndi mankhwala. Anandiyang'ana diso limodzi lokha, ndinatseka pakamwa.

Lachinayi sindinapite ku Songani. Pofika 7 koloko tinali kale pamzati, iye ndi laputopu pamiyendo, ine nditamugwirira ambulera. Anawonjezera mizere m'pulogalamu kuti bokosi lizinena chilichonse chimene likuchita ndi nthawi yake yeniyeni, ngati mwana amene wauzidwa kuti aziyankhula akamayenda kuti amayi ake adziwe pamene ali. 8 koloko itakwana panatuluka mzere: ntchito ya mipopi yadzuka. Kenako wina: yatuma meseji, ikudikira yankho lakuti yafika. Ndiye zii. Mphindi zisanu, zii. Khumi, zii. Dzuwa likuwala bwino, pampu ili ndi mphamvu zonse, madzi osayenda. Patatha mphindi makumi awiri panatuluka mzere wakuti yatopa kudikira, ndipo mpopi woyamba unalira kuti tha.

“Azakhali, taimbirani Che Latifu.”

Ndinaimba. Foni inati sakupezeka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Ndinaimbira akazi awo, ndipo anandiuza mosadabwa n'komwe kuti bambo ali m'nyanja. Kuyambira kumayambiriro kwa Seputembala anayamba kupita okha ndi bwato kukagula nsomba kuzimbowera, timisasa tija asodzi amamanga pamabango pakati pa nyanja, kumene netiweki siifika. Amanyamuka m'mawa, amabwera madzulo. Tsiku lokha limene sapita ndi Lachisanu.

Lachisanu lija ndinkaliyesa umboni wogwira Che Ayuba, kani linali tsiku limene foni ya tcheyamani imakhala kumtunda! Ambulera inapendekera kumbali mpaka Falida anaikankha.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Zolakwika zinali ziwiri, ndipo anati zonse ndi zake. Choyamba, ntchito ya mipopi anaimangirira ku ntchito ya meseji, moti siingasunthe mpaka meseji ifike kapena mphindi makumi awiri zithe. Chachiwiri ndi chimene chinamuliza. Ola la munda uliwonse bokosi silinkawerenga kuchokera pawotchi, kuti 9 koloko ndi 9 koloko zivute zitani. Linkawerenga kuchokera pamene latsegulira. Likachedwa pamunda woyamba, kuchedwako linkakusenzera pamunda wachiwiri, n'kuwonjezerapo kwina, mpaka mtolo wonse kudzautula pa ine wotsiriza. Mphindi makumi awiri kasanu ndi katatu, mpopi wanga unkatseguka 6 koloko itayandikira. Miyezi inayi yoyamba foni ya tcheyamani inkayankha m'kuphethira kwa diso, ndiye vuto linagona m'katimo osaoneka. Patebulo lake linabisalanso chifukwa foni yake inali pomwepo, netiweki yodzadza.

“Zimenezi tinaphunzira chaka choyamba, azakhali. Ntchito yobwerezabwereza imawerengera pawotchi, ndipo siidikira chinthu chimene sudziwa kuti chibwera liti. Ndinkadziwa ine.”

Kukonza kwake sikunatenge ngakhale ola, mpaka ndinakwiya kuti kanthu kakang'ono chonchi n'kamene kaumitsa chimanga changa. Mipopi anaipatsa udindo woyamba ndi maola ake okhazikika. Meseji anaiika pamzere kuti izidikira yokha, ipite netiweki ikapezeka, osagwira mwendo wa ina. Anasiya nambala ya tcheyamani momwemo m'bokosi, foniyo ili kunyanja, kuti tione. Masana amenewo mpopi wanga unalira 3 koloko yeniyeni, ndipo madzi anathamanga m'migula. Sindinasangalale monga ndinkayembekezera. Theka la chimangacho linali litapita kale, ndipo m'mutu mwanga munali za Loweruka.

Usiku wa Lachisanu usanafike ndinauza Falida maganizo anga. Ndinati anene kuti waya wina unadyedwa ndi makoswe, nkhani ithe, Che Ayuba apulumuke, iyenso dzina lake lisaipe, chifukwa madimba ena awiri anali atayamba kale kufunsa za bokosi lake. Anakana. Anati pagulu m'pamene ananena kuti bokosi lilibe vuto, ndiye pagulu pomwepo akanene kuti linali nalo.

Loweruka anthu anadzadza kuposa a dimba, poti nkhani ya kulanda munda imakoma kwa osakhudzidwa. Che Ayuba anakhala kumapeto, chipewa chili pabondo. A Medson asanamalize kuwerenga mlandu, Falida anaimirira n'kupempha kuyankhula. Anafotokoza zonse, osadzichepetsera mlandu ngakhale pang'ono. Anati amene anapeza vuto si iye koma Che Ayuba ndi timitengo tawo. Atafika pa za foni, Che Latifu anadzuka.

“Ukuti foni yanga ndi imene yaumitsa minda? Asa!”

“Ayi, bambo. Ndine amene ndinauza bokosi kuti lizidikira foni yanu. Koma ndikupempha muonetse anthu mameseji amene limakutumizirani.”

Anatulutsa foni monyinyirika n'kupatsa a Medson. A Medson anayang'ana, anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso. Mameseji osatsegulidwa analipo opitirira eyiti handiredi. Che Latifu anasiya kuwerenga sabata yachiwiri ya Meyi, akuti ankamusokosa. Anthu anati haa onse pamodzi. Madzi athu ankaima mphindi makumi awiri pa ola lililonse kudikira kuti tcheyamani adziwe, pamene tcheyamaniyo sankafuna n'komwe kudziwa. Che Latifu anakhala pansi pang'onopang'ono, ndipo lamulo lija linachotsedwa tsiku lomwelo popanda wotsutsa.

Kenako tcheyamani anati, “Basi, nkhani yatha. Che Ayuba, munda ndi wanu.” Ena anayamba kuimirira. Ine ndinali n'takonza mawu opepesa, koma lilime limene limagulitsa matemba owola ngati abwino linakana kutembenuka. Che Ayuba anavala chipewa, anapita pamene panali Falida, anamuuza kuti wachita bwino, n'kunyamuka.

Falida ntchito ya madimba awiri aja inamuphonya, anthu anati bokosi lake limaumitsa chimanga. Akadali patebulo lake pakhonde paja, ndipo chilichonse chimene wapanga tsopano amachiyeza foni atazimitsa. Lathu likugwirabe ntchito. Mwezi uliwonse amapita ndi laputopu kukaliona, ndipo amadzera kaye kwa Che Ayuba kuti apite limodzi.

Ine ndinapita kwawo patatha sabata, ndi mondokwa wochepa amene anapulumuka. Ndinagwada pakhonde n'kunena zonse zimene ndinalephera pamsonkhano. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Malemu akazi awo ndi ine tinavinidwa limodzi n'kukhala ngati pachibale, ndiye kwa zaka makumi atatu bamboyu sanandiitanepo dzina lina koma alamu, ndipo tikakumana panjira ankandiseka kuti ndimanunkha mlamba. Tsiku limenelo analandira mondokwa ndi manja awiri.

“Zikomo, Abiti Alli. Muyende bwino.”

Papita zaka ziwiri tsopano. Timakumana kudimba pafupifupi tsiku lililonse, amandipatsa moni wonse mwaulemu, amafunsa za ana ndi za malonda. Ine ndimachedwetsa dala kutsanzika, kudikira kuti mwina lero anditcha alamu. Sananditchulebe.